Mwala Wakuda wa M'munda mwa aNangondo

Sabata yatha tinali kumudzi, kumapiri a kumadzulo kwa Ntcheu boma, kukavundukula chiliza cha amayi anga aakulu, aNangondo. Kwaya inaimba, amayi a mpingo anayala maluwa, ndipo aliyense amene anapatsidwa mpata wolankhula ananena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wokonda mtendere. Ine ndinangozolika, kuopa kuseka pamanda. Akanakhala kuti akumva, akanadzuka n'kufunsa kuti wofatsayo ndi uti, nawonso amuone. ANangondo sanali ofatsa, ndipo ine sindilola kuti tiwakwirire kachiwiri ndi mabodza aulemu.

Anali akulu awo a amayi anga, oyamba kubadwa m'banjamo. Anali aafupi, a mawu okhuthala, ndipo ankalima mbatatesi pamunda umene anawasiyira amayi awo. Fodya wamphuno ankamusunga m'kabotolo komangirira pansonga ya chitenje. Ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana kumapazi, ati adziwe ngati wabwera kudzagwira ntchito kapena kudzadya. Mavenda a ku Lizulu ankawadziwa bwino. Iwowa amabwera ndi ndowa zawo zochita kusula, zotambasuka kumimba, koma pakhomo pa aNangondo ndowa zimenezo zinkatsala pagalimoto. Ankatulutsa yawo, ndipo wosafuna ankamuonetsa njira.

Chimene ankadana nacho koposa ndi kuyerekeza. Ankati munthu amene sakudziwa chinthu azinena kuti sakudziwa, m'malo modzaza pakamwa ndi mphepo. Chidani chimenechi chinali ndi chiyambi chake. Chaka chimene anabadwa sichinkadziwika. Amayi awo ankangoti anabadwa bambo awo atangopita ku Joni, koma ku Joniko bambowo anapitako kawiri. Ndiye zipani zambiri zitangoyamba, polembetsa mavoti, mnyamata wolemba mayina anawayang'ana kumaso n'kulemba chaka cha m'mutu mwake. Chakacho chinawasandutsa aang'ono kwa mlongo wawo, amalume a Yohane, mwana amene iwo anamubereka kumsana.

"Mwalemba chiyani apa, mwana wanga?"

"Chaka chimene munabadwa, agogo."

"Munalipo?"

"Ayi, tangoyerekeza."

"Ndiye fufutani. Chimene simukuchidziwa muzisiya poyera."

Mnyamatayo anati malamulo salola kusiya poyera. Mzere unaima, anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo mapeto ake aNangondo anatenga khadi lawo. Voti anaponya, koma nkhaniyo sanaikhululuke. Kuyambira pamenepo ankatiuza tonse, ngakhale pa ukwati, kuti pachiliza chawo pasadzalembedwe chaka chobadwa.

Pakati pa munda wawo panadutsa mzere wa miyala yakuda, wowongoka ngati wochita kukoka ndi chingwe. Unkatuluka m'khwawa kumunsi, n'kukwera phiri, n'kukalowa ku Mozambiki osapempha kwa munthu. Yambiri inali miyala yobulungira, yosendeka makungwa, koma pamunda wa aNangondo panali umodzi waukulu, wofika m'chifuwa mwa munthu, wosalala pamwamba. Mizere ya mbatatesi ikafika pamenepo inkakhota n'kuuzungulira. Pamwalapo ankayanikapo mfutso, ankapumirapo, ndiponso ndi pamene ankaimirira pokalipira mbuzi za eni. Palibe amene ankauwerengera mwalawo mpaka tsiku limene kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, wophunzira za miyala, dzina lake Tiyanjane.

Anabwera ndi dalaivala, thumba ndi chinyundo chachikulu. Kwa amfumu anali atadzerako kale, koma anauzidwa kuti zimenezo n'zachabe ngati mwini munda sanavomere.

"Mukufunamo chiyani m'mwala wangawu?" anafunsa aNangondo.

"Zaka zake, amayi."

"Mwala uli ndi zaka?"

"Uli nazo. Ndipo ukaufunsa bwino umanena wokha."

ANangondo anatsegula kabotolo kawo, nafwenkha fodya, n'kumuuza kuti akhale pansi. Ankakonda kutifotokozera zimene anamva tsiku limenelo, ndipo wolakwitsa pobwereza ankamudzudzula ngati mwana wa sukulu. Mwalawo, ati, sunali mwala chiyambire. Unali chiphalaphala chamoto chochokera pansi penipeni pa dziko. Kunsi kumeneko nthawi zina kutentha kumasonkhana malo amodzi n'kumakwera pang'onopang'ono, dziko n'kutupa ngati chithupsa, kenako n'kung'aluka. Chiphalaphalacho chimalowa m'ming'alumo n'kuuma, ndipo mzere wakuda uja unali mng'alu umodzi wotero. Kalekale maiko ena amene lero ali kutsidya kwa nyanja zamchere anali ophatikana ndi lathuli, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti moto wotere unathandiza kuwalekanitsa. Chimene Tiyanjane ankafuna kudziwa n'chakuti kaya mwala wa kwathuwo ndi wa bere limodzi ndi miyala yakuda ya kummwera kwa Afirika ndi ya kudziko lina la madzi oundana, la kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi. Zaka zikafanana, ndiye kuti mwina inabadwa ndi moto umodzi.

"Nanga zakazo muziwerenga bwanji? Muuyang'ana kumaso?"

Tiyanjane anaseka n'kukana. Anati m'kati mwa mwalawo muli timchenga tosaoneka bwino ndi maso, tokhala ndi chitsulo china chotchedwa yureniyamu. Yureniyamuyo amasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika. Ukayeza kuchuluka kwa amene wasanduka ndi amene watsala, umadziwa nthawi imene yapita chiumireni mwalawo. ANangondo anaganiza pang'ono n'kunena kuti nawonso akalawa thobwa amadziwa kuti lagona kangati, popanda wowauza. Tiyanjane anati ndi zomwezo.

"Swani," anatero aNangondo. "Koma yankho mudzandiuze pamaso panga. Osati pafoni, osati kutuma munthu."

Tiyanjane anavomera, n'kupempha nayenso chinthu chimodzi: mwalawo usadzaswedwe kapena kuwotchedwa, chifukwa kuyeza koyamba kukhoza kukanika, iye kapena anzake n'kufuna kubwerera pamalo omwewo. Anagwirana chanza. Pangano lonse linali lomwelo.

Nyundo itayamba kulira, mudzi unamva. Apa ndiyenera kuwanenera chilungamo anthu a kwathu. M'boma lathu lomweli muli phiri limene mumatuluka miyala yofiira ija yamtengo wapatali, ndipo takhala tikuona alendo akunyamula matumba pamene ife tikutsala ndi maenje. Ufulu wolankhula utabwera, anthu analumbira kuti sadzapusitsidwanso. Choncho kwathu munthu wachilendo akangowerama kutola mwala, palibe amene amaganiza za zaka. Posakhalitsa munda unadzaza, ndipo kutsogolo kunali amalume a Yohane. Anyamata ena anali atatsekera galimoto njira ndi chipika.

ANangondo anakhuthula thumba lija pansi, napereka nyundo kwa aliyense wofuna, ati aswe aone. Zidutswa zinayenda m'manja, zakuda zokhazokha. Wina anati zamtengozo zimaoneka ndi makina. Pamenepo aNangondo analongedza okha miyala ija, nasenza thumba pamutu, n'kudutsa nalo pakati pa gulu mpaka pagalimoto. Chipika anachichotsa ndi anyamata omwe anachiika, chifukwa palibe amene anafuna kutchulidwa dzina la amake pagulu.

Galimoto inapita, koma mbiri inatsala. ANangondo atafolera khitchini ndi malata, anthu anati ndi malata a mwala. Akavala chitenje chatsopano kutchalitchi, amayi ankakodolana. Pamjigo nkhani inkatha iwo akangotulukira. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso n'kupita, Tiyanjane osaoneka. Ena ankati aNangondo anagulitsa chuma cha mudzi mobisa, ena ankati anapusitsidwa ndi kamtsikana. Iwo ankayankha kuti anthuwo agwirizane kaye chimodzi, chifukwa sangakhale mbala ndi chitsiru nthawi imodzi. Ankaseka ponena zimenezi, koma zinkawapweteka. Anali munthu amene sanabepo ngakhale chitsononkho cha mnzake, ndipo dzina lawo ndi chinthu chokhacho chimene ankanyadira.

Yankho linabwera ndithu, patapita zaka. Tiyanjane anatsika pa kabaza wa njinga yamoto, atanenepa, mwana ali kumbuyo. Anapepesa kuti timchenga tija tinavuta kupeza, ndiponso kuti makina oyezera ali kunja kwa dziko lino ndipo ali ndi mzere wawo. Anakhala pamwala pomwe paja. Anati mwalawo unauma zaka mamiliyoni oposa zana zapitazo, ndipo zaka zake zikuyandikana kwambiri ndi za miyala ya kummwera ija. Anawonjezera kuti pakhoza kukhala kusiyana pang'ono, uku kapena uku, ndipo kukula kwa kusiyanako akukudziwanso. Mawu omalizawa ndi amene anawakomera aNangondo kuposa mamiliyoni aja. Anati ameneyu ndiye munthu, chifukwa akudziwa pamene pathera kudziwa kwake, osati mnyamata wa mavoti uja. Katekisiti wina atawafunsa ngati zaka zimenezi sizikutsutsana ndi Buku Loyera, anamuuza kuti Mulungu analibe changu ngati ife, ndipo ngati ali ndi mlandu akaufunse mwalawo.

ANangondo anaitana mudzi kuti udzamve, koma anabwera ochepa. Amalume a Yohane anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti zaka sitidya, ndipo munthu sabwerera pamalo pamene sanasiyepo kanthu. Ndimakumbukira nkhope ya aNangondo pamenepo. Anadikira zaka zonsezo poganiza kuti yankho lidzawatsuka, ndipo silinawatsuke. Ndinawamvera chisoni, ngakhale sindikanayerekeza kuwauza. Mwalawo anapitiriza kuulondera, ati mwana wa eni ananena kuti makina amanka nakhwima ndipo ena adzafuna kuyezanso.

Koma ndadumpha tsiku limene aliyense kwathu amalikumbukira, ngakhale amene analankhula pamanda paja anasankha kuliiwala. Linali pakati pa zaka zodikira zija, Tiyanjane asanabwerere, chaka chimene feteleza anavuta ndipo anthu mitima inali m'mwamba. Ine ndinali nditapita kukathandiza kukumba mbatatesi. M'mawa wina aNangondo ali kudimba kumunsi, amalume a Yohane anafika ndi anyamata, atasenza nkhuni, matayala akale ndi zidebe za madzi. Kwathu mwala waukulu timauswa choncho: umauunjikira moto mpaka utenthe, kenako umauthira madzi ozizira, n'kung'aluka wokha. Ankafuna aone ndi maso awo chimene chinali m'katimo.

Wina anathamanga kukawauza. Ndinkayembekezera kuti abwera akukuwa, koma anakwera chitunda mwakachetechete, matope ali m'miyendo. Anayang'ana mulu wa nkhuni umene unali utakwirira mwala wawo. Kenako anagwira tayala, naponda chipika, n'kukwera mpaka pamwamba. Anakhala pansi, nakonza chitenje, n'kutulutsa kabotolo ka fodya.

"Tsikani, aNangondo," anatero amalume. "Munda uwu ndi wa mbumba yonse, ndipo mwini mbumba ndine."

"Mwini mbumba amasunga mbumba, Yohane. Sasecha mlongo wake ngati wakuba."

"Ngati mulibe kanthu m'mwalamu, mukuopa chiyani?"

"Sindikuopa. Ndakana. Ndinakuuza ndi pakamwa pangapa kuti mulibe kanthu. Ngati pakamwa panga sipakukwanira, mwala sudzakukwanira. Ukauswa lero n'kupeza mulibe, mawa udzati zinapita m'thumba lija."

"Anthu akuvutika, achemwali."

"Ndikudziwa. Inenso feteleza ndilibe. Koma ndinagwirana chanza ndi mwana wa eni kuti adzaupeza uli chomwechi. Ukufuna kuyatsa, yatsa."

Anapisa m'chilundu cha chitenje n'kutulutsa bokosi la machesi limene ankawotchera zinyalala kudimba. Analiponya, n'kugwera pamapazi pa amalume. Palibe amene analitola. Ine ndinkawadziwa: akanayatsa, iwo sakanatsika msanga.

Dzuwa linakwera. ANangondo anayamba kufunsa anyamata aja mmodzimmodzi za kunyumba, uyu ngati amake achira mwendo, uyo ngati mkazi wake wabwerako kwawo ku Bwanje. Mnyamata akayankha mwaulemu ankapezeka kuti alibenso mphamvu zowotchera munthu, ndiye ankanamizira kukaona mbuzi. Pofika masana anatsala amalume okha, ataima ndi zidebe zawo. Anawerama, natola machesi aja, nawapereka m'manja mwa mlongo wawo.

"Zikomo, Ngondo," anatero aNangondo, kuwathokoza ndi mfunda monga timachitira kwathu. "Tsopano uwauze anyamata ako akatule nkhunizi kukhitchini kwanga. Zabwera kale."

Anaphikira nkhuni zimenezo nyengo yonse yozizira, ndipo matayala anapsinjira denga la khola.

Awiriwa anakhala nthawi yaitali osadyera pamodzi. Komabe akazi awo a amalume atagonekedwa kuchipatala ku boma, amene anakagona pansi pa bedi kuwadikirira anali aNangondo. Ankawasambitsa, kuwadyetsa, n'kumakangana ndi aliyense wodutsa. Amalume akabwera kudzazonda, aNangondo ankalandira chakudya osawayang'ana kumaso. Sindinamvepo wina wa iwo akupepesa.

ANangondo anamwalira m'nyengo yozizira, chifuwa chitawagwira. Masiku omaliza ndinali nawo. Anandikumbutsanso za chiliza, kenako anati:

"Ndikangopita adzauswa. Iwe usadzalimbane nawo, si iwe ine. Koma udzaime pomwepo, uzidzawayang'ana."

Sanalakwitse. Nthawi yomanga chiliza itakwana, mmisiri anati pafunika miyala ya kwale yothira m'maziko, ndipo kukwera nayo kumapiri kuno kuchokera kumsewu ndi ntchito. Amalume a Yohane, amene tsopano akuyendera ndodo, ananena pabwalo kuti mwala ulipo kale pamunda. Anati malemu ankaukonda, ndi bwino agone nawo. Anthu anavomera msanga kwambiri.

Ndinapita, ndipo ndinaima pomwepo monga anandiuzira. Moto unayaka, madzi anathiridwa, mwala unalira n'kung'aluka. Sindinaonepo mudzi wathu ukugwira ntchito modzipereka chotero, ngakhale pomanga sukulu. Anabwera ndi amene sanafike pamaliro. Anauswa mwalawo tizidutswa tating'ono kuposa timene mmisiri aliyense angafune, ndipo kachidutswa kalikonse kankatembenuzidwa padzuwa kasanaponyedwe pamulu. Amayi ena anabweretsa beseni, ati kutsuka phulusa kuti simenti idzagwire bwino. Ndinkawayang'ana, iwo n'kumayang'ana kumbali. Ndinali ndi mkwiyo waukulu.

Unali wakuda kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munalibe kofiira ngakhale kamodzi. Anthu anayamba kuchoka osatsanzika, ndipo panjira ndinamva wina akunong'ona kuti zenizenizo zinapita m'thumba lija. Amalume anatsala atakhala pa chidebe, atagwira chidutswa chimodzi m'manja, akuchitembenuza.

Patapita masiku anabwera wolemba pachiliza. Anafunsa chaka chomwalira, tinamuuza. Anafunsa chaka chobadwa, ndipo msuweni wanga wina anathamangira m'nyumba kukatenga khadi la mavoti lija. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiyambe nkhondo, koma amalume ananditsogolera.

"Bwezani khadilo," anatero. Kenako anatembenukira kwa wolembayo. "Inu munalipo?"

"Ayi, bambo."

"Inenso kunalibe. Anandibereka kumsana, ndi chokhacho ndikudziwa. Siyani poyera."

Choncho nsalu itachotsedwa sabata yatha, alendo ochokera kutali anadabwa kuona dzina, malo osalembedwa, kamzere, kenako chaka chimodzi. Wina anandinong'oneza kuti mmisiri anaiwala. Ndinamuuza kuti sanaiwale.

Anthu ali pa chakudya, ine ndinatsikira kumunda. Pamene panali mwala paja pali dzenje losaya. M'mbali mwake mukadali phulusa ndi mawaya a matayala, ndipo chisoso chayamba kumera. Palibenso poyanika mfutso, palibe poimirira, ndipo mbuzi za eni zimadutsa popanda wozitchula maina. Ndinalowa m'dzenjemo n'kupalasa dothi ndi phazi. Pansi pake pali mwala womwewo, wakuda, wolimba, wolowera pansi kumene moto wa matayala sungafike. Anangodula mutu. Mzere wake ukadatulukabe m'khwawa, n'kukwera phiri, n'kukalowa ku Mozambiki, ndipo Tiyanjane kapena wina aliyense akadzabwera ndi nyundo adzapeza pomenya.

Munda tsopano akulima ndi mdzukulu wamkazi wa aNangondo. Anandiuza kuti chaka chino anafuna kuwongola mizere kuti idutse pamalopo, popeza mwala unachoka. Khasu linalira n'kupindika. Mizere ya mbatatesi ikafika pamenepo ikukhotabe.